Tsiku limene njinga ya atate inasiya kulira

Njinga ya atate inali ndi pakamwa. Sindikunena belu ayi, belu linagwa ine ndisanabadwe. Ndikunena kuti ukaiponda, mkono wa pedulo wakumanzere umayamba wagwa wokha kuti gu, kenako m'mimba mwake, muja mumadutsa ekiselo, mumayankha kuti kwee. Gu, kwee. Gu, kwee. Ndikanyamuka kwathu ku Mlolo, anthu a ku Pembamoyo amayamba kuchotsa ana pamsewu. Ndikamadutsa pa sukulu, aphunzitsi amaika choko pansi n'kudikira kuti ndipitirire. Munthu wina anandiuza kuti kutsidya kwa malire asilikali anabisalapo m'tchire, ati kukubwera ndege. Ameneyo mwina ananama, koma ine ndinamukhulupirira.

Sindinkachita nazo manyazi. Njinga ndi njinga ngakhale yolira, ndipo onse ondiseka amakhala ali wapansi. Manyazi anabwera mu Januwale wapitayu, ndipo anabwera atakwera njinga yatsopano.

Ndiyambe ndi za mayeso. Chaka chatha ndinalemba Giredi 7. Zotsatira zitabwera, dzina langa linasochera pakati pa Lusaka ndi Chipata, mpaka lero likuyendabe. Amene anasankhidwa kupita ku Fomu Wanu kwathu konseko anali msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume, wa kutsidya kwa dambo. Ameneyu ndimamutcha mkazi wanga kuyambira tikuyenda opanda zovala, monga mwa chisuweni, iye n'kumayankha kuti adzakwatiwa ndi ine amuna onse akadzatha m'dziko, mpaka ndi zidole zoopsezera mbalame m'munda. Timanyozana choncho akuluakulu akuseka. Masamu ena m'kalasi ndimamuuza ndine. Chabwino, ambiri amandiuza ndi iye, koma amene ndinamuuza ine anali ovuta.

Nsanje ya mayeso ndikanaipirira. Imene inandiwawa ndi ya mwana wa ahedi. Mnyamata ameneyu anamaliza Fomu Fili, ndiye amati akudikira ntchito ya m'boma, koma kudikira kwake kunali kuzungulira midzi pa njinga imene atate ake anamugulira ku Chipata. Yakuda, yonyezimira ngati mphuno ya ng'ombe. Tcheni chake chobisika m'chikuto ngati mkazi wa munthu wolemera. Galasi, belu, mapedulo a mphira. Akaleka kupalasa imangoti tiki-tiki-tiki ngati wotchi ya abusa. Ikaponda ndowe amatsika n'kuipukuta ndi kansalu ka m'thumba, kamene ife tikanapukutira kumaso pa ukwati.

Ndiye anayamba kufika kwa amalume tsiku ndi tsiku, ati kudzamulangiza msuweni wanga za moyo wa ku sekondale. Kulangiza kwanji kosatha? Ngakhale alangizi a zaulimi sabwera kawiri pa munda umodzi.

Lachitatu lina amalume anandiitana. Anati sukulu itsegulidwa Lolemba, galimoto nyengo ya mvula sifika kwathu, ndiye bokosi la mwanayo lipita pa ngolo, koma mwini wake ayenera kufika pa boma m'mawa, pa njinga.

"Woyenera kumutenga ndiwe, ndiwe msuweni wake," anatero. "Koma njinga ya atate ako ija ayi. Mwana wanga asakalowe ku sekondale ngati mbuzi yopita kumsika. Ukaikonza, umutenga ndiwe. Ukalephera, mwana wa ahedi wadzipereka kale."

Wadzipereka kale. Ndinabwerera kwathu mawu amenewo akundiluma ngati linthumbu m'kabudula.

Atate anandilola kuigwira njingayo, koma anati dzuwa la Loweruka likalowa asamvenso kulira kwa nyundo pakhomo pawo. Ndi mkulu wa mpingo, kwa iwo Sabata limayambira pomwepo, ndipo pa Sabata kwathu ngakhale tambala amalira monong'ona.

Vuto lake ndimalidziwa. Pali kachitsulo kamene kamapana mkono wa pedulo ku ekiselo, timakati kotapini. Kathu kanali katadyeka mpaka kuonda ngati msomali. Zaka zonsezi timangokamenya ndi mwala panjira, kenako kumanga nati yake mwamphamvu, mpaka natiyo inatopa n'kuyamba kuzungulira yokha osagwira kanthu. Atate anayesapo kulowetsa kachidutswa ka chitini. Ine ndinayesapo minga ya mthethe. Njinga imakhala chete mpaka pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba, n'kuyambiranso mokweza ngati ikubwezera.

Lachinayi ndinapita ku Chadiza kukafuna kotapini watsopano. M'sitolo yaikulu ija mashelefu anali oyera ngati bwalo la mpira, munali polishi wa nsapato ndi zosefera tiyi basi, m'dziko lopanda shuga. Wogulitsa nditamufunsa za kotapini ndi girizi anaseka mpaka kugwira pa kauntala, n'kundifunsa ngati ndikufunanso ndege. Pa chipata cha msika anyamata a chipani anandifunsa khadi, ine ndinalibe, ndiye msika ndinauonera kunja ngati galu pa phwando. Pobwerera, gu, kwee, gu, kwee, ndinakumana ndi mwana wa ahedi akuchokera kumene mukukudziwa. Anandiimbira belu kawiri. Belulo ndi limene linanditukwana.

Amene anandipulumutsa ndi alamu, amuna a achemwali anga aakulu, mkamwini wa pakhomo pathu. Amasula makasu ndi nkhwangwa kuseri kwa khola, ndipo amalankhula kuposa mmene amasulira. Nditawadandaulira anaigwira njingayo pa mkono wa pedulo n'kuigwedeza. Ekiselo yonse inavina.

"Mlamu, kotapini ndi chifuwa chabe," anatero. "Matenda ali m'mimba. Iwe ukufuna kukonza njinga kapena ukufuna kukonza ukwati?"

Ndinawauza kuti asamale pakamwa, chifukwa mudzi si wawo, tikhoza kuwabweza kwawo ndi kamphasa kawo. Anati akapita apita ndi nyundo yawo. Ndinawapepesa pomwepo.

Lachisanu lonse linathera kumunda, atate sakanalola kuti udzu udye chimanga chifukwa cha njinga. Tinaiyamba Loweruka masana. Tinaigoneka chagada, chishalo pansi, mawilo kumwamba. Makotapini akale tinawatulutsa ndi nyundo, wakumanzere anagwa yekha asanamenyedwe n'komwe, wakumanja anakana mpaka ndinadzimenya chala. Chala chimenecho chinatupa kufika msinkhu wa chinangwa. Kenako alamu anagogoda kamphete kamene kamatseka kapu yakumanzere, kambale kachitsulo kogwira ekiselo, n'kumasula kapuyo. Yakumanja anati tiisiye, imamasukira chakumbuyo ndipo yakhala pamenepo kuyambira nthawi ya azungu, sifuna kusokonezedwa.

Nditasolola ekiselo, timipira tachitsulo tija timati machaka tinakhuthukira pamchenga. Machaka ake otani? Ena osweka pakati ngati nsawawa zokazinga, ena aphwatalala, ena anatha kale n'kusanduka fumbi lofiira. Girizi munalibe, munali dothi la misewu yonse ya ku Chadiza. Nkhuku ya amayi inathamangira n'kumeza kampira kamodzi. Mpaka pano ikamayenda ndimamva ngati ikulira gu, kwee.

Alamu analowa m'chisakasa chawo n'kutulutsa wilo lakumbuyo la njinga ina yakufa. Anati machaka a wilo lakumbuyo ndi a m'mimba ndi amodzi kukula kwake. Tinawatsuka ndi parafini wa m'nyali ya achemwali, achemwaliwo asakuona. Ekiselo inali ndi timabala, anaipala pang'ono n'kunena kuti ipirira. Makotapini awiri anawadula ku mabawuti a pulawo yakale, ndipo ntchito yopala mbali imodzi ndi tupa kuti ikhale yopendekera anandipatsa ine. Ndinapala mpaka mapewa anachoka m'malo.

Chimene chinasowa ndi girizi. Machaka ouma sakhala m'kapu, amangogwa, ndipo akakhala ouma amadyana. Alamu anati tiike mafuta a nkhumba. Ndinakana. Ndifike pa sekondale agalu onse a ku Mlolo ali pambuyo panga akunyambita njinga?

Tili mkati mokangana, msuweni wanga anatulukira. Anabwera kudzatsanzika azakhali ake, amayi anga, ndipo amayi anali atamupatsa botolo la mafuta odzola limene anakhala akulibisa m'sutikesi kuyambira chaka cha chisankho. Ine mwana wawo ndimadzola nsatsi. Msuweniyo anaima n'kuyang'ana njinga ili miyendo m'mwamba, matumbo ali pa chiguduli.

"Pepani asuweni, sindinamve za maliro," anatero. "Mwambo uli liti?"

"Mkazi wanga, khala chete. Lolemba ukwera pomwepa."

"Ndikwera pa chiyani, pa tupa?"

Alamu anamufotokozera za girizi, akuonjeza kuti ine ndalira kawiri. Iye anaseka, koma kenako anatsegula botolo lija, n'kutapa ndi zala ziwiri, kwambiri ndithu, n'kupaka m'kapu imene ndinagwira. Anatapanso kachiwiri za mbali inayo. Anati ndisaganize zambiri, wangomvera chisoni makutu a anthu. Atatero anapukuta zala pa malaya anga n'kumapita.

Ndisaganize zambiri? Ndinaganiza zonse. Mafuta a ku sekondale, osayamba, kuwathira m'mimba mwa njinga yanga. Mwana wa ahedi anapatsidwapo chiyani? Moni basi.

Machaka anakhala m'mafutamo mwaulemu ngati ana a Sande sukulu. Tinabwezera ekiselo, alamu n'kumamanga kapu pang'onopang'ono, akuzungulitsa ndi chala, mpaka inasiya kugwedera koma ikuyendabe mosalala, ndipo anatseka ndi kamphete kaja. Pamenepo achemwali anawaitana kuti mbuzi zalowa m'munda wa eni ake. Pochoka alamu anandiuza kuti kotapini amalowa ndi nyundo osati ndi nati, ndipo pansi pa mkono wa pedulo ndiikepo chipika kuti nkhonya isapweteke machaka. Nati ndi yongosunga. Zimenezo ndinamva. Ananenanso china ali kale kuseri kwa khola, koma ine maganizo anali pa zala ziwiri zija.

Ndinakhoma makotapini onse awiri mwamphamvu ya ukwati. Ndinaitembenuza njinga, n'kukwera. Phokoso panalibe, koma miyendo yanga inasokonezeka. Mwendo wina umafulumira, wina umachedwa, ngati bulu wothyoka. Nditatsika ndinaona kuti mikono ya mapedulo sinali pa mzere umodzi, wina unali utapatuka ngati wakwiya ndi mnzake. Ndipo dzuwa linali litakhala kale pamwamba pa mitengo ya kudambo. Atate anali atatulutsa mpando pakhonde, buku la nyimbo pamwendo, akuliyang'ana dzuwalo ngati iwo ndiwo akulitsitsa.

Alamu atabwera anaseka mpaka kutsamira khola. Anati anandiuza kuti makotapini sagona mofanana. Amagona ngati ana awiri pa mphasa yaing'ono, wina mutu uku, wina mutu uko. Ine ndinawagoneka onse mitu kumodzi.

Kuchotsa kotapini amene wakhomedwa ndi munthu wansanje si masewera. Tinamenya, anakana. Alamu anabweza nati pamwamba kuti tisaphwanye mazinga, n'kumenyanso. Atate anatsokomola. Alamu, amene ndi Mkatolika, ananong'ona kuti kwawo Mulungu amalola nyundo mpaka mdima, ndi kuno kokha kumene amagona msanga. Dzuwa litatsala kachidutswa ngati ka mbatata, kotapini anatuluka. Ndinamutembenuza, nkhonya zingapo, nati, basi. Atate anatseka buku n'kunena kuti zitsulo zilowe m'nyumba.

Ndinapempha kungozungulira bwalo kamodzi. Abale anga, njinga ija inayenda ngati mzukwa. Ndimangomva matayala pamchenga. Mbuzi imene moyo wake wonse imathawa ikandimva ndili kutali sinasunthe n'komwe, ndinaigunda. Atate anaimirira. Anaigwira pa chishalo nthawi yaitali ngati m'bale amene wabwera kuchokera ku migodi.

Lamulungu m'tchalitchi sindinamve ulaliki. Ndimangoona za Lolemba: ine kutsogolo, iye kumbuyo atagwira malaya anga pa chitunda, mwana wa ahedi ataima pamsewu akudya fumbi. Za mvula imene inayamba masana n'kugwa mpaka madzulo sindinaziganizire.

Lolemba m'mamawa ndinafika kwa amalume mosamveka, mpaka galu wawo anadzidzimuka. Mwana wa ahedi anali ali pomwepo kale, nsapato zopolisha, ati wangobwera kudzatsanzika. Ndipo pabwalo panali bokosi lachitsulo lija, thumba la nsawawa ndi ndowa. Amalume anati mtsinje wadzaza, ngolo siwoloka, pa mlatho wa mitengo pangadutse njinga zokha. Ndiye pafunika njinga ziwiri, ina ya katundu, ina ya mwana.

Ndinati palibe vuto, katundu apite pa yatsopano, ili ndi mphamvu zaunyamata. Mwana wa ahedi anayankha mwaulemu wonyansa kuti atate ake analetsa, kaliyala wake, ponyamulira pa kumbuyo paja, ndi wopyapyala, bokosi lingamupinde ndi kukala penti. Amalume anakanikiza kaliyalayo ndi dzanja, anagwederadi. Kenako anabwera pa yanga. Anagwedeza mkono wa pedulo, nji. Anauponda ndi phazi, nji. Anayang'ana kaliyala wathu amene atate anamuwotcherera ndi zitsulo za bedi.

"Mphwanga, wagwira ntchito," anatero. "Njinga iyi tsopano ikhoza kunyamula ng'ombe. Bweretsani zingwe."

Ndinawakumbutsa zimene analonjeza Lachitatu. Anati Lachitatu mtsinje unali wosadzaza. Ndinayang'ana msuweni wanga kuti anenepo kanthu. Anali akukonza siketi ya yunifomu kuti isakhudze sipoko, atakhala kale pa kansalu kaja kamene mwini wake anayala pa kaliyala wa njinga yatsopano.

Ndikanaisiya yolira, bokosi likanadikira ngolo ndipo ine ndikanakhala kunyumba osaona kanthu. Chala changa chotupa, mapewa anga, parafini wa achemwali, zonse zija ndinavutikira kuti ndikhale bulu wa mwana wa ahedi.

Choipitsitsa sichinali kulemera kwa bokosi, ngakhale ndikukhulupirira kuti munali njerwa. Choipitsitsa chinali bata. Njinga ya kale ikanandichitira chifundo, gu ndi kwee zikanaphimba zonse. Iyi imandimvetsa mawu aliwonse. Ndimamva mwana wa ahedi akumuuza za magetsi a m'kalasi, za buledi wa Loweruka, za mmene angayankhire a Fomu Thu akamamuvutitsa, kuti angotchula dzina lake, onse amamudziwa. Amaponyamo Chingerezi ngati mchere. Ndipo msuweni wanga amaseka. Si kuseka kumene amandiseka ine, kotsegula pakamwa ponse mpaka kugwa pansi. Kunali kuseka kwina, kwakung'ono, kogwira pakamwa. Sindimadziwa kuti ali nako.

Ndipo nthawi yonseyi kafungo ka mafuta ake kamakwera kuchokera pakati pa mapazi anga.

Pa chitunda chachikulu ndinaimirira pa mapedulo, makotapini anga osagwedera ngakhale pang'ono, n'kuwapitirira ndi bokosi, nsawawa, ndowa ndi zonse. Mwana wa ahedi anali akupuma ngati ng'ombe yokoka pulawo. Ndinasangalala mpaka pamwamba. Kenako ndinazindikira kuti ndikakhala kutsogolo sindikuwaona, ndipo zimene munthu amaganiza asakuona ndi zoipa kuposa zimene amaona. Ndinaima ngati ndikumanga chingwe mpaka anadutsa. Dzanja la msuweni wanga linali pa chishalo, osati pa malaya a mnyamatayo. Ndinaliyang'anira dzanja limenelo mpaka pa boma. Pa dzenje lina linasuntha, koma linabwerera.

Pa geti la sukulu panali ana ambirimbiri, onse ooneka anzeru, ena aafupi kuposa ine. Ndinamasula bokosi n'kulinyamula pamutu mpaka pakhomo la nyumba ya atsikana. Mayi wina wa pamenepo anandifunsa ngati ndine wantchito wa kwawo. Msuweni wanga anayankha msanga kuti ayi, ndi amuna anga awa, ndinawapeza pa mtengo wotsika. Atsikana anaseka. Ine ndinasekanso, chifukwa kumeneko kunali kuseka kwanga kuja, kwa pakamwa ponse.

Titabwerera pa geti anaigwira njinga yanga pa handulo, n'kuzungulitsa pedulo ndi phazi. Inazungulira osanena kanthu.

"Mwaiwononga, asuweni," anatero. "Kale ndimakumvani muli kutsidya kwa dambo, n'kuyamba kukonza zokunyozani. Nanga mukabwera kudzandiona kuno ndidzadziwa bwanji kuti mwafika?"

Mtima wanga unakula mpaka kudzaza boma lonse. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe chinthu chanzeru. Mwana wa ahedi, amene anali atatsamira njinga yake pambali, anangotambasula chala chachikulu. Ngiri-ngiri.

"Ine mudzandimva," anatero.

Ndipo msuweni wanga anaseka kwakung'ono kuja, dzanja pakamwa, n'kulowa.

Pobwerera sitinayendere limodzi. Mwana wa ahedi ndinamusiya pa chitunda choyamba, ndipo ndikukhulupirira kuti anafika kwawo Lachiwiri. Panjira ndinaima pa mlatho, ndinatola mwala, n'kuyang'ana kotapini wakumanzere. Nkhonya imodzi yokha chakumbuyo, gu akanabwerera. Koma ndinakumbukira dzanja la atate pa chishalo, ndipo mwala ndinauponya m'madzi.

Alamu akuti belu sangasule, koma chitini cha nsomba, sipoko ndi nati ziwiri zikhoza kulira kuposa belu la ku Chipata. Tayesa kale. Mbuzi ija inathawa mpaka kudambo. Ndikudikira Loweruka limene amalume adzanditume ndi nsawawa zina.